Galimoto ikupita kumpoto koma ansala akuti kummwera, zikutheka bwanji?

Funso la lero lachokera kwa m'bale wathu wina wa ku Chiputula kuno ku Mzuzu, masana ndi kondakitala wa minibasi ya ku Nkhata Bay, madzulo amapita ku open kukabwereza Fomu 4. Walemba chonchi:

"Aphunzitsi ndithandizeni, relative velocity yandizunguza mutu. Atipatsa samu yoti galimoto A ikupita kumpoto pa 25 m/s, galimoto B ikupitanso kumpoto komweko pa 15 m/s, tipeze velocity ya B relative to A. Ine ndinalemba 10 m/s andichongera theka, akuti ansala ndi −10 m/s kapena 10 m/s kummwera. Nde galimoto yoti ikupita kumpoto ikhala bwanji ndi velocity ya kummwera? Komanso mnzanga anandiuza kuti zikamalowera kumodzi timachotsera, zikamakumana timaphatikiza, pomwe m'manotsi fomula ili ndi mainasi yokhayokha. Zoona ndi ziti? Kapena mutu wangawu ndi umene sukugwira, sinanga sukulu ndinaisiya kalekale."

Achimwene, mtima m'malo. Mutu wanu ukugwira bwinobwino ndipo 10 munapezayo ndi nambala yolondola, chinasowa ndi mbali basi, n'chifukwa chake anakupatsani theka osati ziro. Zaka zonse ndakhala ndikuphunzitsa fizikisi mutu umenewu ndauona ukugwetsa ndi ana anzeru omwe, ndipo chimawagwetsa si masamu ake ayi, masamu ake ndi kuchotsera kwa ku pulayimale komwe kuja, chimawagwetsa n'choti amathamangira kulemba asanadzifunse kuti kodi munthu akuonayo wakhala pati. Komanso inu muli ndi mwayi kuposa anzanu m'kalasimo, chifukwa zimene buku likuvutika nazo kufotokoza inu mumaziona tsiku ndi tsiku mutakhala pa chitseko paja.

Tiyambe ndi ichi. Sipidometa ikamaloza pa 80, 80 imeneyo ndi ya poyerekeza ndi msewu. Koma mayi wanyamula dengu la nthochi amene wakhala pambali panuyo, kwa inu sakuyenda ngakhale pang'ono, mumatha kulandira ndalama yake n'kumubwezera chenji osataya olo koini imodzi, pomwe kwa munthu wogulitsa chinangwa m'mbali mwa msewu mayi yemweyo wadutsa pa 80. Onse awiri akunena zoona. Palibe chinthu chimene chili ndi liwiro lakelake longokhala nalo popanda kunena kuti poyerekeza ndi chani. Olo msewu umene timautenga ngati wangoimawo sunaime, dziko limazungulira ndipo pano pa Mzuzu likutitenga pafupifupi 1,640 km/h kulowera kummawa, kuphatikiza apo likuthamanga mozungulira dzuwa pafupifupi makilomita 30 pa sekondi, koma palibe amamva chizungulire nazo chifukwa tonse ndi nyumba zathu ndi mitengo yomwe tikuyendera limodzi. Munakhalapo m'basi pa depoti, basi ya pambali n'kuyamba kutuluka, inu n'kudzidzimuka kuyesa yanu ndi imene ikubwerera m'mbuyo? Maso sanakunamizeni kwenikweni, poyerekeza ndi basi inayo munalidi kubwerera m'mbuyo. Galileo analemba za zimenezi kale mu 1632, iye anapereka chitsanzo cha sitima ya pamadzi, kuti munthu atatsekeredwa m'chipinda cha mkati sitimayo ikuyenda mosagwedera pa liwiro losasintha, sangadziwe ngati ikuyenda kapena yaima, madontho a madzi amagwa molunjika chimodzimodzi ngati ali kumtunda.

Tsono samu yanu ija. Velocity ndi liwiro pamodzi ndi mbali imene chinthu chikulowera, m/s ndi mamita pa sekondi, ndipo relative to akutanthauza poyerekeza ndi. Akati velocity ya B relative to A, akukuuzani kuti kwerani mu A, khalani pampando, muziiyang'ana B. Musaime pa msewu ayi, kwerani. Inu muli pa 25, B ili pa 15 kutsogolo kwanu. Mukuona chani? Mukuiona ikubwera kwa inu pang'onopang'ono, yafika pa windo, yadutsa, kenako ili kumbuyo ikunka nichepa. Sekondi iliyonse yasuntha mamita 10 kulowera kumbuyo kwanu, ndipo poti inu mwayang'ana kumpoto kumbuyo kwanu ndi kummwera. Basi ndi zimenezo. Palibe wanena kuti dalaivala wa B waika livesi, galimoto yake ikupitabe kumpoto kwa munthu woima pansi, koma funso silinafunse za munthu woima pansi. Mainasi ija ikungonena kuti mbali yake ndi yosemphana ndi kumpoto, mbali imene yatengedwa ngati pozitivu pa samuyi, sikuti liwiro lachepera ziro, liwiro lochepera ziro kulibe. Akanafunsa mosinthanitsa, velocity ya A relative to B, bwenzi mutakwera mu B n'kuona A ikukudutsani kulowera kutsogolo, ansala +10 m/s kumpoto, ndipo 10 yanu ija bwenzi atachonga yonse. Ma ansala awiriwa nthawi zonse amakhala nambala imodzi zizindikiro zosiyana.

Njira imene ndimauza ana anga ndi iyi, ndipo ndimawakakamiza kuitsata olo samu ioneke yophweka bwanji. Jambulani mzere papepala, ikani muvi kusonyeza mbali imene mwasankha kuti ndi pozitivu, mbali iliyonse mungakonde bola musaisinthe samu ili mkati. Chilichonse cholowera mbali imeneyo chipatseni pulasi, cholowera kwina chipatseni mainasi. Mukatero gwiritsani fomula imodzi yokha: velocity ya B relative to A = velocity ya B − velocity ya A. Amene watchulidwa kumapeto, amene mwakweramo uja, ndi amene amachotseredwa. Chifukwa chake n'chomveka, mukufuna kumuimitsa iyeyo akhale pa ziro poti munthu sadziona yekha akuyenda, nde liwiro mwamulandalo muyenera kulichotsa kwa wina aliyense pa msewupo.

Tiyese pa M1. Minibasi yanyamuka m'tauni kupita ku Ekwendeni pa 80 km/h, kutsogolo kuli lole pa 60 km/h, ndipo basi yaikulu ikuchokera ku Karonga pa 70 km/h. Titenge kumpoto ngati pozitivu. Minibasi +80, lole +60, basi −70. Lole relative to minibasi ndi 60 − 80 = −20, ikubwerera kwa inu pang'onopang'ono ngati B uja. Basi relative to minibasi ndi −70 − 80 = −150, ikubwera kwa inu pa 150, n'chifukwa chake galimoto yokumana nayo imangoti psiti simutha olo kuwerenga nambala puleti, pomwe lole mukuilondolayo mumawerenga mawu onse analemba kumbuyo kwake mpaka kuwaloweza. Minibasi relative to basi ndi 80 − (−70) = +150. Mwaona pamene kuphatikiza kwa mnzanu kuja kwatulukira? Mainasi ya fomula yakumana ndi mainasi ya mbali, zabereka pulasi. Ndiye kuti malamulo si awiri, lamulo ndi limodzi, kuphatikizako ndi kuchotsera komweko kwangovala chovala china chifukwa galimoto inayo inali negetivu kale.

Mnzanuyo sananame, koma ine lamulo lake lija sindilikonda ndipo m'kalasi mwanga ndimaliletsa. Limakupatsani kukula kwa nambala basi, mbali silikuuzani, nde mudzakhalira kutenga theka la malikisi ngati zakuchitikiranizi. Choipa china limafuna kuti muziloweza, ndipo m'chipinda cha mayeso mtima ukugunda zoloweza zimasokonekera, ndaonapo ana ambiri akuphatikiza pofunika kuchotsera chifukwa choti anaiwala kuti paja ndi ziti. Ligwiritseni ntchito pocheka chabe, mukamaliza samu dzifunseni kuti kodi zikukumana, nde ansala yanga ikuyenera kukhala yaikulu kuposa zonse ziwiri, yakhaladi yaikulu? Apo limathandiza.

Pali mtundu wina wa samu umene umaoneka ngati watembenuka koma ndi womwewo. Kondakitala wa basi yaikulu akuyenda pakati pa mipando kudula matikiti, basi ili pa 20 m/s, iye akuyenda 1 m/s kulowera kwa dalaivala. Apa 1 m/s yapatsidwayo ndi ya relative kale, ndi ya poyerekeza ndi basi, chimene akufuna ndi ya poyerekeza ndi msewu. Bwererani ku fomula, 1 = velocity yake pa msewu − 20, ndiye velocity yake pa msewu ndi 21 m/s. Akatembenuka kulowera ku mpando wakumbuyo ndi −1, pa msewu ali pa 19 m/s, akupitabe kutsogolo ngakhale nkhope yaloza kumbuyo. Apa m'pamene lamulo la mnzanu limagwera m'dzenje, chifukwa munthu ndi basi akulowera kumodzi koma taphatikiza. Bwato pa mtsinje ndi chimodzimodzi. Tinene kuti msodzi pa South Rukuru amapalasa 6 km/h pa madzi odikha, mtsinje ukuyenda 2 km/h, potsetsereka ndi madzi munthu wa pa gombe amuona pa 8, pokwera amuona pa 4. Ndipo pali kamsampha kamene ndimakonda kutchera ana, ulendo wa makilomita 8 kupita ndi 8 kubwera, ambiri amati madzi amene anamuchedwetsa pokwera amubwezera potsika nde nthawi ikhala yofanana ndi ya pa madzi odikha. Ayi. Pokwera atenga maola 2, potsika ola 1, onse 3, pomwe pa madzi odikha makilomita 16 pa 6 km/h ndi maola 2 ndi mphindi 40. Mtsinje umamudyera mphindi 20, chifukwa amakhalitsa nthawi yaitali ku mbali yochedwayo.

Masamu a kukumana ndi kupezana amafupika kwambiri mukaidziwa nkhaniyi, nthawi = mtunda uli pakati pawo kugawa ndi relative velocity. Kuchoka m'tauni kukafika ku Ekwendeni ndi pafupifupi makilomita 20, titenge 20 yeniyeni. Galimoto ina yanyamuka kuno pa 60 km/h, ina yanyamuka uko nthawi yomweyo pa 40 km/h. Mpata ukutha pa 100 km/h, 20 kugawa ndi 100 ndi 0.2 ya ola, mphindi 12, ndipo akumana makilomita 12 kuchokera ku Mzuzu poti 60 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 12. Chenjerani apa, mukafuna malo okumanira bwererani ku liwiro la pa msewu la galimoto imodzi, musachulukitse ndi 100 uja, ambiri amalakwa pamenepa. Za kupezana, wa sakaramento, kabaza wa njinga yakapalasa uja, wanyamuka pa 12 km/h, patatha mphindi 30 wa njinga yamoto akumulondola pa 36 km/h kuti amupatse katundu anaiwala. Pomwe wachiwiriyu akuliza njinga woyamba uja watha kale makilomita 6, mpata ukuchepa pa 36 − 12 = 24 km/h, 6 kugawa ndi 24 ndi kota ya ola, mphindi 15, ampeza pa kilomita ya nambala 9. Chekani, wa sakaramento wapalasa mphindi 45 zonse pamodzi, pa 12 km/h ndi makilomita 9 ndithu.

Mayunitsi musawaiwale. Simungachotsere m/s ku km/h, sinthani kaye zifanane. Kuchoka ku km/h kupita ku m/s gawani ndi 3.6, chifukwa kilomita ndi mamita 1,000 ndipo ola ndi masekondi 3,600. 72 km/h ndi 20 m/s, 36 km/h ndi 10 m/s, 18 km/h ndi 5 m/s, zitatu izi zisungeni m'mutu zimabwera kawirikawiri.

Tsopano ndikhalitse pa nkhani imene kwa ine ndi yofunika kuposa malikisi, poti inu moyo wanu uli pa msewu. Ovateki. Anthu ambiri amaganiza kuti kudutsa lole ndi kungodutsa kutalika kwa loleyo basi, mamita 20 aja, kanthu kochepa. Tiwerenge. Muli mamita 15 kumbuyo kwa lole, loleyo ndi yaitali mamita 20, minibasi yanu ndi mamita 5, ndipo mukufuna kusiya mamita 20 kutsogolo kwake musanabwerere kumanzere. Zonse pamodzi ndi mamita 60 amene muyenera kuwadya poyerekeza ndi lole. Koma mamita amenewa simukuwadya ndi 80 ya pa sipidometa ayi, mukuwadya ndi 20 km/h yokha ija ya kusiyana, imene ndi 5.6 m/s, liwiro la njinga yakapalasa ikamathamanga. 60 kugawa ndi 5.6 ikutipatsa pafupifupi masekondi 11, kunena molondola 10.8. Masekondi onsewo muli ku mbali ya eni ake. Tawerengani mpaka 11 modekha muone kutalika kwake. M'nthawi imeneyo minibasi yanu pa 80 yayenda mamita 240 pa msewu, basi ya ku Karonga ija pa 70 yayenda mamita 210 kubwera kwa inu, kuphatikiza ndi mamita 450. Kapena mwachidule, 150 km/h ndi 41.7 m/s, kuchulukitsa ndi 10.8 ndi 450 yomweyo. Ndiye kuti poyamba ovateki imeneyi mumafunika kuona msewu wopanda kanthu pafupifupi theka la kilomita, magilaundi a mpira anayi ndi theka kuwandandalika motsatana, ndipo apo mwangopulumuka ndendende popanda mpata wotsala olo pang'ono.

Nde taonani chimachitika minibasi ikadzadza, anthu ndi matumba a chinangwa, pokwera mtunda, ikungokwanitsa 70 pomwe lole ili pa 60. Sipidometa yatsika pang'ono chabe, kuchoka pa 80 kufika pa 70, dalaivala saona ngati chasintha n'chachikulu. Koma kusiyana kwatsika kuchoka pa 20 kufika pa 10, kwadulidwa pakati, nthawi yawirikiza kawiri kufika masekondi 21.6, ndipo msewu wofunika kuuona wafika mamita 840. Apa m'pamene pagona chiopsezo chonse, nthawi ya ovateki imalamulidwa ndi kuchotsera pomwe ngozi yobwera kutsogolo imalamulidwa ndi kuphatikiza, nambala yaing'ono ikukuchedwetsani nambala yaikulu ikukuthamangira. Ndiuzeni inuyo amene mumaudziwa msewu wa ku Nkhata Bay, ndi malo angati m'mapiri muja amene munthu angaone mamita 800 kutsogolo popanda kona? Nanga ku Chikangawa m'mawa wa mu June nkhungu itatseka, malole a matabwa ali ndondondo? Dalaivala wa lole akaponda moto pang'ono inu muli pambali pake, akafika pa liwiro lanu, relative velocity ndi ziro, ndipo ziro ikutanthauza kuti simudzamudutsa mpaka kalekale, muzingoyenda mogundizana mapewa uku kutsogolo kukubwera chinthu. Zikatero nzeru ndi kuchotsa phazi n'kubwerera kumbuyo kwake, osati kulimbana naye. Masamu ndapangawa ndatenga ngati aliyense akuyenda pa liwiro losasintha, pa msewu weniweni galimoto imayamba ovateki ili pa liwiro la lole lomwelo n'kumakwera pang'onopang'ono, ndiye manambala enieni amatha kuposa apa. Maso nawonso sathandiza kwenikweni, galimoto yobwera molunjika kwa iwe imaoneka ngati ili pamodzimodzi ikadali kutali, imadzakula mwadzidzidzi itafika kale, usiku ndiye zimanyanya poti umangoona magetsi awiri.

Pali nkhani ina imene imayenda pakati pa madalaivala, yoti magalimoto awiri aliyense pa 80 akawombana mutu ndi mutu zili ngati kugunda khoma pa 160. Relative velocity ndi 160 zoona, koma ngati magalimotowo ndi ofanana kulemera aliyense amachoka pa 80 kufika pa ziro, ndiye kwa aliyense zili ngati wagunda khoma lolimba pa 80, zimene ndi zoopsa kale mokwanira. Zimasintha kulemera kukasiyana. Minibasi ya matani 3 pa +80 iwombane ndi lole ya matani 27 pa −60, zikakamirana. Momentum, imene ndi kulemera kuchulukitsa ndi velocity, yonse pamodzi ndi 240 − 1,620 = −1,380, kugawa ndi matani 30 zikupita limodzi pa −46 km/h, mbali ya lole. Lole yangosintha ndi 14 km/h, minibasi yachoka pa +80 kufika pa −46, kusintha kwa 126 km/h m'kanthawi kochepa kosakwana sekondi. Phatikizani 126 ndi 14 mupeza 140, relative velocity ija, yangogawidwa mokondera, wopepuka ndi amene wasenza pafupifupi yonse. Izi ndi za mutu wina wa momentum koma ndafuna muone kuti zimalumikizana.

Kutsatana moyandikana nako kumanyenga chifukwa cha ziro yemweyu. Mukamalondola galimoto pa liwiro lofanana imaoneka ngati yangoima patsogolo panu, mtima umakhala pansi, mpata wa mamita 8 umaoneka wokwanira. Koma mnzanuyo akaponda buleki ziro uja amatha nthawi yomweyo, ndipo munthu kuti aone, aganize, phazi lifike pa buleki pamadutsa sekondi kapena kuposerapo, pa 80 km/h sekondi imodzi ndi mamita 22. Ndipo achimwene, ichi ndi chanu chenicheni, chizolowezi chodumpha minibasi isanaime pa siteji. Mukakhala pa chitseko mumadzimva kuti mwaima chifukwa poyerekeza ndi minibasi mwaimadi, koma poyerekeza ndi phula muli pa liwiro la minibasiyo. Olo ikuyenda 18 km/h yokha imeneyo ndi 5 m/s, liwiro la munthu wothamanga ndithu, mapazi akagunda pansi amaima thupi likupitabe, n'chifukwa chake mumathamanga nayo masitepe angapo kuti musagwe, ndipo wodumpha atayang'ana kumbuyo amagwa chagada mutu n'kumenya pansi. Pasenjala makamaka agogo ndi amayi obereka ana musamawalole kutsika mateyala asanaime.

Malire a fomulayi ndi awiri. Zonse tanenazi ndi za zinthu zoyenda pa mzere umodzi, kutsogolo kapena kumbuyo. Misewu ikadutsana, wina akupita kumpoto wina kummawa, kapena bwato likuwoloka mtsinje mopingasa, pulasi ndi mainasi sizikwananso, pamafunika kujambula mavekita, mivi yosonyeza kukula ndi mbali, n'kugwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras, mwachitsanzo 30 kumpoto ndi 40 kummawa relative yake imatuluka 50, si 70 komanso si 10. Ganizo lake ndi lomwelo la kuchotsera koma kachitidwe kake ndi kena, musazisakanize. Malire ena ndi a kutali, Einstein mu 1905 anaonetsa kuti liwiro likayandikira la kuwala, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, kuphatikiza wamba uku kumasiya kulondola, ndipo kuwala kumapezeka pa liwiro lomwelo kwa aliyense kaya akukuthamangira kaya akukuthawa. Pa liwiro la galimoto kapena ndege kusiyanako n'kochepetsetsa moti sikungakukhudzeni, ndangotchula kuti mukadzazimva kutsogolo musadzati aphunzitsi aja anabisa.

Nanga mupite liti kwa munthu akuthandizeni maso ndi maso? Dziyeseni kaye chonchi, lembani 15 − 25, kenako −70 − 80, kenako 80 − (−70) osagwira kakyuleta. Ngati mwazengereza pa imodzi mwa zimenezi vuto lanu si fizikisi, ndi manambala a negetivu, ndipo zimenezi sizochititsa manyazi kwa munthu amene anakhalitsa kunja kwa kalasi, pitani kwa aphunzitsi a masamu akukumbutseni number line, madzulo awiri atatu zitheka, kusiyana n'kumalimbana ndi fizikisi pomwe chothyoka chili pansi pake. Ngati manambala mukuwatha koma mukusokonezeka kuti muchotsere uti kwa uti, tengani pepala lanu lochongedwa lija mupite nalo kwa aphunzitsi anu muwapemphe kuti inu muzifotokoza mokweza iwo azingomvetsera, pamene pakukhota padzaonekera pompo. Muwapemphenso akuonetseni pa gilafu ya mtunda ndi nthawi, mizere iwiri ikayenda mofanana osayandikirana ndiye kuti relative velocity ndi ziro, ikadutsana pamenepo m'pamene magalimoto akumana kapena apezana, ena amamvetsa msanga akaona chithunzi. Mapepala akale a MANEB a gawo la motion apangeni ambiri, bola muzijambula muvi uja pa samu iliyonse. Ndipo ngati mukulingalira zodzakhala pa chiwongolero tsiku lina, manambala ndakupatsaniwa asalowe m'malo mwa sukulu yoyendetsa galimoto, palibe amatulutsa kakyuleta ali pakati pa ovateki, ntchito yawo ndi kukuonetsani chifukwa chake mzere woyera wosadukiza umajambulidwa pa makona ndi pa mitunda.

Nayi yoti muyese usiku uno. Njinga yamoto ikutsika kulowera ku Nkhata Bay pa 15 m/s, pikapu ikukwera kubwera ku Mzuzu pa 72 km/h, pakati pawo pali mamita 700 ndipo msewu pamenepo ndi wowongoka. Tengani kulowera ku Nkhata Bay ngati pozitivu, pezani velocity ya pikapu relative to njinga, nthawi imene akumane, ndi mtunda umene njinga ikhale itayenda. Mukuyenera kupeza −35 m/s, masekondi 20 ndi mamita 300. Mukatha tembenuzani muvi, kulowera ku Mzuzu kukhale pozitivu, mupangenso kuyambira poyamba. Chizindikiro cha 35 chisintha kukhala pulasi, koma masekondi 20 ndi mamita 300 zisasunthe, zikasuntha bwererani pa mzere umene munapereka mapulasi ndi mamainasi, cholakwika chimakhala pamenepo nthawi zambiri.